Kodineta wakana kusayina loft, ndalama zanga zatsekeka

Bambo a Tadala: Akuluakulu thandizeni msanga, mutu sukugwira. Tinapanga insulation (zotchinga kuzizira) ya mu loft, kudenga kwa nyumba, ku Luton masabata atatu apitawo pa GBIS, pulogalamu ya boma la UK ya insulation, tinayala 270mm bwinobwino, 100 pakati pa majoisti (mitanda ya siling'i) ina 170 yopingasa pamwamba, lero kodineta (woyang'anira amene amavomereza ntchito) akuti sasayina chifukwa palibe zithunzi za ntchito ili mkati komanso ku bafa kulibe fani. Fani ndi ya ine?? Ine anandiuza loft basi. Akapanda kusayina ku TrustMark, kumene ntchito za pulogalamuyi zimalembetsedwa, sizilowa, ndiye amene anatipatsa ntchito akuti kaya zanu izo, anyamata anga awiri akuimba foni mmawa ndi madzulo kufuna zawo.

Mjomba wa ku Leeds: Ndinanena kale. Za boma zisiyeni, pangani private. Mwini nyumba akulipira Lachisanu lomwelo, VAT pa insulation kulibe chiyambire April 2022, mukufunanso chani?

Mayi a Chisomo: Achimwene fani si mlandu wanu ngati sinali pa design. Pa PAS 2035, malamulo a ntchito zimenezi, assessor (woyendera nyumba) ndi amene amaona za mpweya ntchito isanayambe, kodineta n'kulemba zofunika. Itanitsani design ija pa email, osati pafoni. Ngati fani inalembedwa inu n'kuidumpha, pepani mwagwa nayo. Koma zithunzi zokha mwalakwa ndinu.

Bambo a Tadala: Design anatumiza pa WhatsApp tsamba limodzi, fani sindinaione.

Mayi a Chisomo: Tsamba limodzi si design imeneyo. Musafufute meseji ija.

Aphiri Manchester: Bwererani mukajambule, koma osanamizira tsiku, mukagwidwa ndi nkhani ina. Fukulani malo atatu anayi, tepi muimike ioneke 270, mujambulenso kumapeto kwa denga kuonetsa kuti simunatseke polowera mphepo. Ine chaka chatha mnyamata wanga anakankhira roll mpaka kukhoma kufuna kukongoletsa, pofika January felt yonse ya kunsi kwa denga ikudontha ngati mwaphika nsima mkatimo, masutikesi a gogo mwini nyumba achita nkhungu yobiriwira, zithunzi zaukwati zamatana. Ndinakakonza ulere masiku awiri, chigwadire mmajoisti mawondo anatupa.

Mjomba wa ku Leeds: Mwaona? Ulere. Private akanakulipirani pobwerera.

Aphiri Manchester: Mjomba nkhungu siisankha kuti walipira ndani.

Kamnyamata ka Coventry: Mukakwera mukaonenso waya wa shawa, osaukwirira pansi pa insulation umatentha, ukhale pamwamba. Ma downlight (magetsi olowa mu siling'i) avale zipewa zake. Pansi pa thanki la madzi osayala, madzi amaundana nthawi yozizira paipi n'kuphulika. Kodineta akabwera yekha akayamba ndi zimenezo.

Mjomba wa ku Leeds: Inu ana simunaone Green Homes Grant, pulogalamu ina ya boma. Inayamba September 2020, ma voucher a anthu ambiri mpaka mapaundi 5,000, tinagula ma roll kudzaza garaja, March 2021 aitseka. Ndalama kudikira miyezi, veni ndinagulitsa. Ndiye wina azindiuza za boma.

Mayi a Chisomo: Zoona amalume munavutika, koma panopa akhwimitsa pa chifukwa. January 2025 makampani 39 anaimitsidwa pa GBIS ndi pulogalamu inzake ya ECO4 kamba ka ntchito yoipa ya solid wall (insulation ya pa makhoma opanda mpata mkati), nyumba za anthu kuchita chinyontho. Kodineta aliyense akuopa dzina lake, sangasayine chinthu chomwe sanaone. Ndipo achimwene, fani musakaike nokha kuti zithe msanga, ya ku bafa ikufuna wa magetsi wa mapepala, ndipo paipi yake izitulukira panja osati kupumira mu loft momwe mwayala kumene.

Aphiri Manchester: Musanapite gwirizanani polemba kuti fani alipira ndani. Mukangoika mwaufulu, nyumba yotsatira adzati ndi mmene mumachitira.

Mjomba wa ku Leeds: Kapena mungosiya za boma.

Kamnyamata ka Coventry: Mjomba private yanuyo muli ndi malo? Kuno kwauma. Komanso funso lina, mumasamba chani mukachoka mu loft, ine khosi ndi mikono kuyabwa usiku wonse ngati ndagwa mu chitedze.

Aphiri Manchester: Madzi ozizira kaye, osakanda. Ndipo manga tepi mmikono ya ovolosi.

Mayi a Chisomo: Bambo a Tadala, design yonse ija atumiza?