Kodi kuwala ndi mafunde kapena tinthu ting'onoting'ono?

Wophunzira: Akuluakulu, ndithandizeni. Buku lathu la fizikisi likuti kuwala kumayenda ngati mafunde, koma patsamba lina likuti ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa mafotoni. Zoona n'ziti?

Mphunzitsi: Zonse ziwiri n'zoona. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Thomas Young atadutsitsa kuwala pa timipata tiwiri, anaona mizere yowala yosinthana ndi yakuda, zomwe zimachitika mafunde akakumana n'kulimbikitsana kapena kufafanizana. Komabe mu 1905 Albert Einstein anafotokoza kuti kuwala kukamachotsa maelekitironi (tinthu ting'onoting'ono tokhala ndi mphamvu ya magetsi) pachitsulo, kumapereka mphamvu zake m'timagawo (mafotoni aja), n'chifukwa chake liwiro la maelekitironiwo limadalira mtundu wa kuwalako osati kuchuluka kwake.

Wokonda Sayansi: Ndiwonjezereko, aphunzitsi, mfundo imene imandichititsa chidwi kwambiri. Mu 1924 Louis de Broglie ananena kuti maelekitironi nawonso ali ndi khalidwe la mafunde, ndipo mu 1927 Davisson ndi Germer anatsimikizira zimenezi powombetsa maelekitironi pachitsulo chotchedwa nickel.

Wophunzira: Zikomo. Nanga bwanji mwala woponyedwa suonetsa mafunde?

Mphunzitsi: Chinthu chikamalemera ndi kuthamanga kwambiri, mafunde ake amafupika, moti a mwala ndi aafupi kwambiri kuposa mmene chipangizo chilichonse chingayezere.