Kodi khoti limaitenga kuti mphamvu yoweruza mlandu wopalamulidwa kunja kwa dziko?

Akuluakulu amene munaphunzira zamalamulo, ndikupempha kuti mundithandize kumvetsa tanthauzo la mawu akuti extraterritorial jurisdiction komanso nthawi yoyenera kuwagwiritsa ntchito. Ndikudziwa kuti amanena za mphamvu imene dziko limakhala nayo yoweruza mlandu wopalamulidwa kunja kwa malire ake, koma funso langa lagona pa maziko a mphamvuyo.

Taganizirani za a Manuel Chang, amene anali nduna ya zachuma ku Mozambique. Anamangidwa ku South Africa mu 2018, anatumizidwa ku America mu 2023, ndipo khoti la ku New York linawapeza olakwa mu 2024 pa nkhani ya ngongole zimene zinatengedwa mobisa m'dzina la boma la Mozambique. Kodi chimene chinapatsa khotilo mphamvu n'chakuti ndalamazo zinadutsa m'mabanki a ku America, kapena n'chakuti ena mwa amene anataya chuma chawo anali a kumeneko? Zimandikhudza chifukwa amene akusenza ngongolezo ndi anthu wamba a ku Mozambique.

Komanso, kodi mawu omwewa ndi oyenera ponena za ofesi ya kazembe, popeza pangano la ku Vienna la mu 1961 limaletsa apolisi kulowamo popanda chilolezo cha kazembeyo, ngakhale kuti malowo amakhalabe a dziko limene ofesiyo ili?