Gulu la banja: za alendo ali kwa agogo ku Nsanje

Azakhali (Area 25): Mwaswera bwanji nonse? Ndangolankhula ndi agogo. Anthu othawa zipolowe za chisankho cha 2024 ku Mozambique afika kwa Tengani, ambiri ndi a ku Morrumbala, awoloka Shire pa mabwato. Amfumu awagawa m'makomo podikira kuti boma liwalembe. Kwa agogo kuli amayi awiri ndi ana asanu, akugona m'khitchini muja.

Malume (Kawale): Iii! Nanga akudya chiyani? Chilala cha chaka chino sichinasiye kanthu m'nkhokwe.

Azakhali: Ufa womwe tinatumiza wa Khirisimasi uja. Akuti ukafika Lamlungu ndi mwayi. Ndinayesa kuwauza kuti asamale, anandikalipira ngati ndine mwana.

Malume: Mukanadziwa simukanayesa, achemwali. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo Malawi anasunga anthu oposa 1 miliyoni mpaka mtendere wa 1992, ndipo pakhomo pomwepo tinkadya mbale imodzi ndi ana a ku tsidya. Chisena chathu ndi chimodzi, maliro timayenderana. Mayi sangabweze munthu.

Mdzukulu (Bunda): Agogo ndi ngwazi. Koma zavutadi, pa wailesi akuti olowa ku Nsanje ndi Chikwawa afika cha m'ma 13,000 chilengezereni khoti la ku Mozambique pa 23 December 2024 kuti Daniel Chapo ndiye anapambana upulezidenti. Otsatira Venancio Mondlane, yemwe ankapikisana naye, akukana.

Alamu (Chinsapo): Ine ndili ndi zovala za ana matumba awiri. Ku mpingo nditha kupemphanso zina.

Azakhali: Zikomo alamu, koma tisathamangire zovala. Thiransipoti ya katundu kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Nsanje, ndi kusowa kwa mafutaku, idya ndalama yogula chimanga. Ndafunsa amayiwo okha chomwe akufuna. Ati ufa, mchere, sopo, ndowa yokhala ndi chivindikiro, ndi neti. Mwana mmodzi watupa nkhope yonse ndi udzudzu. Wamng'ono kwambiri alibe ngakhale kapu, akumwera phala m'chivindikiro cha poto.

Alamu: Ndamva. Koma nsalu zitatu zokha ndikakamira, mayi sangakhale ndi chitenje chimodzi, mukudziwa za mwezi ndi mwezi.

Azakhali: Apo mwanena zoona. Zimenezo zikwana m'chikwama.

Achimwene (Joni): Pepani ndachedwa, ndinali ku ntchito. Funso langa: tikuthandiza mpaka liti? Si ntchito ya boma ndi UNHCR, bungwe loona za othawa kwawo, imeneyi? Agogo nawonso akalamba, asatsale ndi njala chifukwa cha chisoni.

Malume: Mphwanga, funso ndi labwino. Akuti awasamutsira ku kampu ya Nyamithuthu, koma kulemba anthu kumatenga nthawi ndipo mimba siidikira kaundula. Iweyo ukukumbukira 2015, anzako akubwera pa mabasi a boma kuthawa zipolowe za ku Joni kumeneko, ena opanda nsapato.

Achimwene: Ndakumvani malume. Ndiika K60,000. Koma thumba limodzi likhale la agogo okha, lisasakanizidwe.

Mdzukulu: Ine ya ophunzira, K5,000 😅 Tiwonjezere mankhwala othira m'madzi, nyengo ya mvula ino kolera sachedwa. Ndipo chonde pasakhale wojambula anthuwo n'kuika pa Facebook, ena akuopa kudziwika komwe ali.

Malume: K40,000. Chimanga chigulidwe ku Bangula, chigayidwe komweko. Amfumu auzidwe kaye, pasadzamveke kuti tikukondera khomo limodzi. Ngati pali chotsala, apereke ku komiti ya m'mudzi igawire makomo ena omwe alandira anthu.

Azakhali: Chabwino. Tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba yanga, muonjezere yochotsera. Ndinyamuka Loweruka m'mawa, ndikagona ku Blantyre. Malisiti ndiika pano.

Alamu: Zitenje ndibweretsa Lachisanu ndikaweruka. Nanga a ku Area 49 aja awerenga n'kungokhala chete?

Malume: Asiyeni, ndiwaimbira ndekha usiku uno.