Mwana akuwerenga manambala a zala osati manotsi

Makiyi88: Aphunzitsi anzanga ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kamtsikana ka zaka 7, takhala limodzi miyezi 8 ndipo kamatha kuliza piyano bwino moti ndimadzitama nako. Dzulo ndamupatsa kanyimbo kopanda manambala a zala (aja amalembedwa pa manotsi osonyeza chala cholizira, 1 mpaka 5) mwana anangoti kakasi, manja pamiyendo. Ndaloza E wa pamzere wapansi uja ndikufunsa kuti noti iyi ndi chani, akuti "3". Nde kuti nthawi yonseyi amangowerenga manambala ine osadziwa, ndachita manyazi koopsa

MayiSolfa: Pepani achimwene koma si inu nokha, ambirife zinatipezapo. Vuto ndi mabuku amene amaika dzanja malo amodzi miyezi ndi miyezi, chala chachikulu pa C basi, nde mwana amaona yekha kuti 1 ndi C, 3 ndi E, 5 ndi G, avutikirenji kuwerenga. Ndi wochenjera ameneyo. Fufutani manambala onse musiye ya noti yoyamba yokha ndi pamene dzanja likusamuka

WaBass: Kufufuta kokha sikukwana madamu, angoyamba kuloweza ndi makutu, makamaka ngati aphunzitsi amayamba amulizira nyimbo yonse asanayese yekha. Mumatero eti?

Makiyi88: Ndimatero kkkk mwandigwira

WaBass: Siyani kaye. Ndipo musamuloweze manotsi onse pakamodzi, mupatseni atatu okha akhale ngati zikhomo: C wapakati amene ali pakamzere kakekake, G wa pamzere wachiwiri mu treble (mizere ya dzanja lamanja) pamene chizindikiro cha koyambirira kwa mizere chija chimazungulira, ndi F wa pamzere wachinayi mu bass (mizere ya dzanja lamanzere) pakati pa timadontho tiwiri ta chizindikiro chake. Enawo aziwapeza pochokera pamenepo, kuchoka pamzere kupita pampata wotsatira ndi kiyi yoyandikana, mzere kupita mzere wina walumpha imodzi. Ine ndimangofunsa mafunso awiri, yakwera kapena yatsika? wayenda kapena walumpha? dzina la noti limabwera pambuyo

Pedulo: Koma abale tisachite ngati khutu ndi mdani. Mphunzitsi wa nyimbo Shinichi Suzuki ku Japan ankayambitsa ana kuimba pomvera, kuwerenga kumabwera mochedwa, monga mwana amayamba kulankhula asanadziwe zilembo. Mukamulanda zonse zimene amatha kamodzinkamodzi adana nayo piyanoyo

WaBass: Sindikukana, koma uyu sakuimba ndi khutu, akuimba ndi masamu

MayiSolfa: Nonse mukunena zoona, gawani nthawi. Pa mphindi 30 zija, 5 kapena 7 zokha zikhale za kuwerenga tinyimbo tatsopano tosavuta kwambiri, ta mzere umodzi, kuliza kamodzi kawiri nkusiya asanakaloweze. Zotsalazo aziliza zimene amakonda. China chimene chimandigwirira ntchito, nyimbo yomweyo ya C D E aiyambe ndi chala 1, kenako 2, kenako 3, poyamba amakwiya ndithu amati mwalakwitsa aphunzitsi, koma mpamene zimamulowa kuti E si 3. Muonenso kunyumba, makolo ena amamata masitika pa kiyibodi kapena kulemba zilembo pansi pa noti iliyonse ndi pensulo ati kuthandiza

Makiyi88: Za masitikazo bambo ake avomera, ati anamata okha ndi manambala omwe. Ndawapempha achotse, mwana azipeza C poyang'ana makiyi akuda awiri aja, yoyera ya kumanzere kwake

Makiyi88: Ndabweranso, papita masabata atatu. G ndi C akuwapeza msanga, F wa bass akadasokoneza ndi D chifukwa amamuwerenga ngati treble. Lero analiza E ndi chala chachikulu nkundiyang'ana ngati waba kanthu

WaBass: Wa F yo mupatseni pensulo yofiira adutse yekha mzere wapakati pa timadontho, tsamba lililonse asanayambe kuliza