Mbumba ya agogo a ku Linthipe: za ukwati wa mu Ogasiti

Malume (Area 25): Mwaswera bwanji nonse. Dzulo ndinakhala pansi ndi ankhoswe akuchimuna. Tsiku tagwirizana Loweruka lomaliza la Ogasiti. Mwezi wa Juni ndi Julaye takana chifukwa cha chisanu cha ku Dedza, ndipo tikafika mu Novembala ndiye kulimbana ndi mvula. Chatsala ndi malo a madyerero ndi ndalama. Aliyense alankhule pano, ndisadzamve za kumbali.

Mayi aang'ono (Ndirande): Zikomo achimwene. Ine maganizo anga ndi holo ku Lilongwe. Mwana wathu ndi mphunzitsi, anzake a kuntchito adzabwera. Tikawakhazike pa fumbi?

Mkwatibwi: Mayi aang'ono, ine ndi amene ndapempha zoti zichitikire kumudzi. Ndikufuna pabwalo la agogo, pansi pa mango paja. Tinafunsa mitengo ya maholo awiri, holo yokha popanda chakudya ikutha theka la ndalama zonse zimene ine ndi anzangawa tasunga.

Mayi aang'ono (Ndirande): Ndalama zidzabwerera pa perekaniperekani mwanawe. Anthu a m'tauni amaponya.

Achimwene (Joni): Pamenepo ndiye ndikana mayi. Mwaiwala za ukwati wanga? Tinatenga ngongole ku banki m'khonde podalira perekaniperekani. Usiku womwewo makashiya akuwerenga, mwini holo ali pakhomo, DJ ali pakhomo, wojambula ali pakhomo. Ine ndi alamu anu tinapita kunyumba ndi mabeseni atatu ndi wotchi yapakhoma. Ngongole ija ndi imene inandikweza basi ya ku Joni. Mlongo wanga asalowe m'banja motero.

Achimwene (Joni): Ndipo anthu masiku ano amasintha K5,000 kukhala ma K50, nkuvina nayo nyimbo zinayi. Pansi pamadzaza mapepala koma mukawerenga mulibe kanthu.

Msuweni (Zomba): 😂😂 achimwene mwatitchula ife

Malume (Area 25): Mfundo imeneyo ndaigwira. Palibe kukongola. Tichita ukwati wolingana ndi zimene zili m'manja pofika pa 31 Julaye. Za perekaniperekani n'za ana awiriwa, akayambire banja. Achemwali kumudziko, muli ndi chiyani?

Amayi (Linthipe): Ndalemberedwa ndi mdzukulu, maso amavuta pa foni. Chimanga chilipo, ndapatula matumba 4, atatu a nsima limodzi la thobwa. Nyemba ndowa ziwiri. Mbuzi zilipo 3 koma imodzi ili ndi bere, imeneyo musaiwerengere. Nkhuku zachikuda 9 ngati chitopa sichidutsa. Mawere a chimera ndapempha kwa anzanga a ku Chigwirizano, alonjeza. Nkhuni anyamata ayamba kale kuwaza. Ana inu mukamati kumudzi kulibe kanthu mumandiseketsa, zonsezi mukanagula ku Lilongwe bwenzi mukulira.

Mayi aang'ono (Ndirande): Achemwali, mbuzi ziwiri pa mudzi wonse? Ukwati wakumudzi suitanira ndi khadi. Kukangolira ng'oma kubwera midzi itatu, ndi ana omwe. Ku holo mumatseka chitseko n'kudziwa kuti mbale ndi 150.

Amayi (Linthipe): Nanga mukufuna nditseke chitseko anthu amene anandikumbira manda a bambo ake? Abwere. Thobwa ndi la aliyense, nsima ya nyemba ndi kabichi ndi ya aliyense. Nyama ndi mpunga tidzayamba ndi alendo akuchimuna, abusa, amfumu ndi ochokera kutali. Timatero nthawi zonse ndipo palibe anadandaulapo.

Malume (Area 25): Mbuzi yachitatu ndigula ine. Ndipo adzazinge ndi bambo wachisilamu uja wa pa msika, kuti anansi athu onse adye momasuka.

Msuweni (Zomba): Za thobwa ndifunse. Pa chinkhoswe lija linasasa, ena anayamba kuyimba nyimbo zosakhala m'buku la nyimbo 🙈

Amayi (Linthipe): Lija analiphika msanga, Lachiwiri. Ili tidzaphika phala Lachinayi, kuthira chimera litazizirako, ligone, Lachisanu tiwiritsenso. Loweruka lidzakhala lotsekemera bwino. Koma mawere tiviike kumayambiriro kwa Ogasiti kuti amere ndi kuuma nthawi ilipo. Migolo ndili nayo iwiri, ndikufuna ina iwiri yoti sinasungepo dizilo.

Mayi aang'ono (Ndirande): Chabwino, ndagonja, koma pang'ono. Fumbi ndiye ndikulikanabe. Mphepo ya mu Ogasiti mukuidziwa, diresi loyera lidzafika pa keke lili lofiira.

Mkwatibwi: Anyamata adzathira madzi pabwalo Lachisanu madzulo ndi Loweruka m'mawa, mjigo uli pafupi. Ndipo sitibwereka tenti. Tikumanga chisakasa cha mitengo ya bulugamu ndi udzu, mbali ya kumphepo titchinge ndi mphasa. Udzu nthawi imeneyo umakhala utamwetedwa kale. Kutsogolo tikongoletsa ndi zitenje, malichero ndi mitsuko ya agogo.

Mayi aang'ono (Ndirande): Mitsuko! Ife tinathawa mitsuko, ana athu akuibwezanso pa high table. Kaya. Ine ndibweretsa nsalu zoyera za patebulo ndi makapu agalasi a akwati okha. Ndikamabwera nditsikira pa Lizulu ndigule kabichi, tomato, anyezi ndi kachewere, pamenepo n'zotchipa kuposa kuno. Wina adzandichingamire pa Linthipe ndi ngolo kapena njinga zakabaza, sindingasenze matumba.

Achimwene (Joni): Ine nditenga mpunga, mafuta ophikira, shuga ndi zakumwa. Mpunga ukhale Kilombero weniweni, osati wosakaniza. Nditumiza pa Mukuru kumapeto kwa mwezi uno, kenako mwezi wamawa. Koma ndalama ikangofika mugule katundu tsiku lomwelo. Muja kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zimene ndinatumiza za malata zinagula theka chifukwa munazisunga. Shuga ndi mafuta siziola.

Malume (Area 25): Msungichuma akhale msuweni wanu wa ku Zomba. Ndalama zonse zipite pa Airtel Money yake, a TNM atumize pa Mpamba, ali nazo zonse. Wotumiza aonjezere kochotsera. Iwe ukalandira ulembe pagulu pano dzina ndi ndalama, tsiku lomwelo.

Msuweni (Zomba): Ndavomera malume. Koma malonjezo sindilemba m'kabuku, ndilemba zimene zalowa. Pa maliro a agogo anthu analonjeza zambiri pagulu pano, ena mpaka lero foni zawo "zikuvuta netiweki".

Mayi aang'ono (Ndirande): Ukunena ndani iwe?

Msuweni (Zomba): Sindinatchule munthu mayi 🙏 Keke ndiphika ndine, ya magawo awiri. Ena aja a pansi tiika a katoni okutidwa bwino, pa chithunzi palibe adzadziwe.

Mkwatibwi: Diresi ndikubwereka kwa mnzanga wa kusukulu, telala angolibweza m'chiuno. Operekeza akhala 4 okha, awiri mbali iliyonse. Aliyense adzisokera yekha.

Mayi aang'ono (Ndirande): Nanga yunifomu ya mbumba? Tisadzaoneke ngati anthu okumana pa depoti. Ndikasankha chitenje ku Limbe, ndijambula mitundu itatu muvote.

Malume (Area 25): Yunifomu ikhalepo koma yosakakamiza. Ndipo munthu asagule chitenje asanasonkhe ya chakudya. Za kumpingo zili pati?

Amayi (Linthipe): Ndinaonana ndi akulu a mpingo. Akufuna makalata a ana onse awiri, wamwamunayo akatenge ku mpingo wake. Kulengeza ndi masabata atatu, ndiye zonse zikhale zitafika Julaye asanathe. Anenanso kuti akwati asadzachedwe, abusa ali ndi ukwati wina tsiku lomwelo. Mabenchi a ku tchalitchi atibwereka tikatuluka, koma abwerere madzulo omwewo chifukwa kukacha ndi Lamulungu. Kwa amfumu mupite ndinu achimwene, mutenge nkhuku imodzi mwa zija.

Malume (Area 25): Ndiye zatsala 8. Ndipita Loweruka likubwerali.

Achimwene (Joni): Zoimbira bwanji? Kwathu kuja magetsi a ESCOM sanafike.

Mkwatibwi: Pali mnyamata wa pa trading ali ndi masipika ndi jenereta, akuti petulo tigule tokha. Kwaya ya achinyamata idzayimba polowa ndi podula keke, iye adzangogwira perekaniperekani kuyambira 1 koloko mpaka 5.

Achimwene (Joni): Petuloyo mugule sabata imodzi isanakwane, musadikire Lachisanu n'kukapeza mzere pa filling station. Ndipo MC akhale wa m'banja. Olipidwa aja amaitana mpaka "onse ovala nsapato zakuda", anthu n'kutopa dzuwa lisanapendeke.

Msuweni (Zomba): MC ndi mayi aang'ono basi, mawu alipo kale osafuna sipika 😂

Mayi aang'ono (Ndirande): Mwana wopanda ulemu iwe. Koma ndichita. Akuchimuna akutengapo chiyani pa zonsezi? Tisangosenza tokha ngati mwana wathu akudzikwatira.

Malume (Area 25): Atenga suti, mphete, galimoto ya akwati, wojambula ndi minibasi ya abale awo. Anatchulanso mbuzi imodzi koma sanatsimikize, ndiwakumbutsa. Tsopano zosonkha: apantchito K60,000 aliyense, kawiri ngati simungathe kamodzi. Akumudzi asonkha kale ndi chimanga ndi manja awo, asapemphedwenso ndalama. Amene mwawerenga osayankha ndakuonani, muli 11.

Amayi (Linthipe): Mdzukulu akuti batire latsala pang'ono. Migolo ija musaiwale, ndiponso miphika ikuluikulu iwiri ya mpunga, ya ku Chigwirizano ndi ya nsima yokha.

Msuweni (Zomba): Zalowa: malume K30,000, gawo loyamba. Miphika ndifunsa kwa apongozi anga mawa.