Weber B pa fupa lofewa: lag screw ikungozungulira

Wofunsa: Akuluakulu, tithandizane. Mayi wa zaka 68 wathyoka akakolo a mwendo umodzi, kunja ndi mkati. Fibula (fupa lakunja) ndi Weber B, kutanthauza kuti yathyokera pa mulingo wa syndesmosis (mitsempha yomanga fibula ku tibia, fupa lalikulu la mwendo), mng'alu wopendekera, ndipo ku medial malleolus (nsonga ya tibia, mkati mwa akakolo) kwabenthuka kachidutswa kakang'ono. Fupa ndi lofewa kwambiri, la mtundu uja lag screw (sikuluwu yofinya zidutswa pamodzi) ya mamilimita 3.5 imangozungulira osaluma. Kodi one-third tubular plate (kachitsulo kopyapyala komangira fupa) ya m'mbali ingakwane?

Dokotala wa mafupa: Payokha ayi. Ntchito yake ndi kuteteza lag screw, ndiye lag screw ikakana kugwira, katundu yense watsalira plate. Komanso masikuluwu a kumunsi amaluma khoma limodzi lokha la fupa poopa kulowa mu joint. Ikani plate kumbuyo kwa fibula, ikhale antiglide, yoletsa chidutswa kutsetsereka. Chidutswa cha kumunsi chimathawira kumbuyo ndi kumwamba, plate ikachitchingire komweko. Musaipinde kwambiri. Sikuluwu yoyamba ilowe pamwamba pang'ono pa nsonga ya mng'alu. Mukamamanga mudzaona plate ikukankha chidutswacho kubwerera pamalo pake. Kenako lag screw idutse mu plate momwemo, kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo: khoma loyamba mubowole ndi drill ya 3.5, lachiwiri ndi ya 2.5.

Mnzawo wa ku theatre: Zoona adokotala, koma plate ya kumbuyo ikatsika kwambiri mitu ya masikuluwu imakhula ma peroneal tendon (mitsempha yodutsa kumbuyo kwa fibula), mapeto ake n'kudzachotsa chitsulo. Bowo lomaliza lisiyeni lopanda kanthu. Fupa likakhala lophwanyikaphwanyika, antiglide ilibe potsamira. Apo ndi pa locking plate, imene mitu ya masikuluwu imakhomerera mu plate momwemo.

Wofunsa: Nanga mkatimu, ku medial malleolus? Masikuluwu awiri a 4.0 cancellous (oluma fupa la m'kati lofewa) sakwanapo.

Dokotala wa mafupa: Mukawakakamiza kachidutswako kaphwanyika. Tension band basi: ma K-wire (timisomali tachitsulo towonda) awiri a 1.6 oyenda limodzi, waya womangidwa ngati 8, wokoledwa pa sikuluwu yoikidwa kumtunda kwa mng'alu. Yambani mwatulutsa periosteum (kachikopa kokuta fupa) yomwe imapindikira mumng'alumo, apo ayi fupa silidzalumikizana. Nsonga za ma K-wire zipindeni n'kuzikhomerera, zikapanda kutero zimatuluka n'kuboola khungu.

Mnzawo wa ku theatre: Musatseke musanakoke fibula ndi hook, ngakhale ili Weber B. Ikasuntha, syndesmosis yapita. Sikuluwu ya 3.5, pafupifupi masentimita 2 pamwamba pa joint, yolunjika kutsogolo madigiri 30, ndipo ingogwira, isafinye ngati lag screw. Ramsey ndi Hamilton anaonetsa mu 1976 kuti talus (fupa la phazi lokhala pansi pa tibia) ikasunthira m'mbali milimita imodzi yokha, malo amene imakhudzana ndi tibia amachepa ndi 42 peresenti. N'chifukwa chake pa mortise view (X-ray yoonetsa joint ya akakolo) mpata wozungulira talus uzioneka wofanana mbali zonse, fibula isafupike.

Wofunsa: Ndinaiwala kunena, mayiwa ali ndi shuga.

Dokotala wa mafupa: Imeneyo mukanayamba nayo! Dikirani kutupa kuchepe mpaka khungu lichite makwinya. Ngati phazi linachita dzanzi, ikani plate ya m'mbali n'kuonjezera masikuluwu odzera mu plateyo olowa mpaka mu tibia, ndipo asaponde masabata 12, osati 6.