Ndimagulitsa zoluka pa Etsy ndi pa Instagram kuno ku Indiana: za msonkho ndi chiphaso zimayenda bwanji?

Nachisale:

Moni abale nonse amene muli kuno ku America. Pali nkhani yomwe ikundisowetsa mtendere, ndipo ndikupempha amene munadutsamo kale mundiunikire.

Ndimakhala ku Indiana ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Ndikaweruka ndimaluka zipewa, masikafu ndi timabulangete ta ana akhanda, komanso ndimatunga ndolo ndi mikanda ya m'khosi. Poyamba zinali zongopatsa anthu, kenako anzanga a kuntchito anayamba kuoda, mpaka ndinatsegula shopu pa Etsy, msika wa pa intaneti wa zinthu zopangidwa ndi manja. Panopa ndalama imalowa kuchokera mbali zitatu: pa Etsy, pa Instagram pomwe anthu amandilembera n'kulipira pa PayPal kapena Zelle, komanso m'misika ya zaluso ya Loweruka ndi Lamlungu.

Pa Etsy ndimaona kuti wogula amalipiritsidwa sales tax pamwamba pa mtengo wanga, ndipo ndalama imeneyo sidutsa m'manja mwanga. Koma okonza msika wa Khirisimasi womwe ndikufuna kukagulitsako anditumizira fomu yofunsa nambala ya Registered Retail Merchant Certificate, ndipo ine ndilibe. Kodi chiphaso chimenechi n'chofunika ngakhale kwa munthu wogulitsa tinthu tochepa ngati ine? Nanga munthu wa ku Ohio akaoda chipewa pa Instagram, ndimulipiritse msonkho wa kwathu kuno kapena wa kwawo? Mnzanga wina akuti ndiyambe ndatsegula LLC (kampani yolembetsedwa ku boma), apo ayi ndikuphwanya lamulo. Sindikufuna kuchita zinthu mobisa ayi. Ntchito ya manja imeneyi ndimaikonda ndipo ndikufuna ikule poyera.

Bambo a Chisomo:

Achemwali, mwachita bwino kufunsa msika usanafike. Ine ndimathandiza anthu kulemba mafomu a msonkho, ndipo funso lanuli limabwera chaka ndi chaka.

Yambani ndi kusiyanitsa misonkho iwiri yomwe anthu ambiri amaisakaniza. Sales tax amalipira ndi wogula. Inu ndinu wotumidwa chabe: mumaulandira n'kukaupereka ku boma la state. Income tax ndiye wanu, umachokera pa phindu lomwe mwapeza. Etsy ikakutolerani woyambawo, wachiwiriwo ukadali pa inu.

Za Etsy mwaona zoona. Mu June 2018 khothi lalikulu la dziko lino linagamula mlandu wa South Dakota v. Wayfair, ndipo linalola ma state kukakamiza ogulitsa a kunja kwa malire awo kutolera msonkho ngakhale alibe sitolo kumeneko. Pambuyo pake ma state anakhazikitsa malamulo oti misika ikuluikulu ya pa intaneti, monga Etsy, eBay ndi Amazon, izitolera ndi kupereka msonkhowo m'malo mwa ogulitsa ang'onoang'ono. Ku Indiana lamuloli linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2019. Choncho zogulitsa za pa Etsy musalipiritsenso kachiwiri.

Koma Etsy imangoyankha pa zomwe zadutsa pa Etsy basi. Chipewa chomwe mwagulitsa pa tebulo lanu kumsika, kapena chomwe munthu wa mu Indiana momwemo waoda pa Instagram, msonkho wake wotolera ndinu. PayPal ndi Zelle zimangonyamula ndalama, sizikuperekerani kanthu ku boma. N'chifukwa chake okonza msika akufunsa nambala ija. Chiphasocho mumalembetsa pa intaneti kudzera pa INBiz (webusaiti ya boma la Indiana yolembetserapo mabizinesi), chimatuluka ku Indiana Department of Revenue, mtengo wake ndi $25, ndipo chimakhala zaka ziwiri. Ngati mulibe ngongole ya msonkho ndipo mafomu onse munatumiza, amachiwonjezera okha nthawi ikakwana.

Mwayi wanu ndi wakuti Indiana ndi yosavuta kuwerengera. Msonkho ndi 7% m'state yonse, palibe woonjezera wa mzinda kapena wa county pa katundu ngati wanuyu. Chipewa cha $30 msonkho wake ndi $2.10, wogula apereke $32.10, ndipo pa lisiti ziwirizo zilembedwe padera. Anzathu a ku Texas zimawavuta kuposa pamenepa, chifukwa state imatenga 6.25% ndipo mizinda imatha kuonjezera mpaka kufika 8.25%.

Tsono wa ku Ohio uja. Ngati waoda pa Instagram ndipo mwamutumizira pa positi ku Ohio, simumulipiritsa wa Indiana, chifukwa katunduyo wakalandirira kunja kwa Indiana. Wa Ohio nawonso sukukhudzani pokhapokha malonda anu kumeneko atakula kufika pa mlingo womwe state imeneyo inaika. Ma state ambiri mlingo wake ndi $100,000 pa chaka, California ndi Texas ndi $500,000, ndipo ena amawerenganso kuchuluka kwa maoda, kawirikawiri 200. Munthu woluka yekha ndi manja akaweruka kuntchito safikako msanga.

Chomwe ndimachenjeza aliyense ndi ichi: mukalembetsa, boma limakuuzani nthawi yotumizira fomu ya ST-103, yonenera sales tax yomwe mwatolera, ndipo mumatumiza ngakhale simunagulitse kanthu. Mumalemba ziro n'kutumiza. Anthu ambiri amene amalandira makalata a chindapusa si akuba ayi, ndi amene anangokhala chete miyezi yomwe malonda anaima. Ndipo ndalama ya 7% ija muziiika pa akaunti yakeyake tsiku lomwelo. Ikasakanikirana ndi ya renti, tsiku lolipira likafika mudzaipeza palibe, ndipo boma limaitenga ngati ndalama yake yomwe munangosunga.

Kamnyamata ka Houston:

Inetu ndikuona ngati tikuopsezana pachabe. Mlamu wanga amagulitsa makandulo ndi sopo pa Facebook kwa nthawi yaitali ndithu, alibe pepala lina lililonse, ndipo palibe anamugogodera pakhomo. Boma lili ndi makampani akuluakulu oti liziwathamangitsa, silingataye nthawi pa mayi woluka zipewa. Achemwali, gulitsani kaye, bizinesi ikakula mudzalembetsa.

Mayi a Tadala:

Achimwene a ku Houston, pepani koma langizo limeneli ine sindikugwirizana nalo. Kuti alamu anu sanafunsidwe sizikusintha zomwe lamulo likunena, ndipo achemwaliwa afunsidwa kale: fomu ili m'manja mwawo. Okonza misika ambiri sakupatsa tebulo popanda nambala, chifukwa nawonso amakhala ndi udindo wawo ku boma. Komanso ganizirani izi: ukagulitsa osatolera msonkho, tsiku lomwe adzakupeze sungabwerere kwa ogula onse aja kukawapempha ma 7% awo. Umalipira kuchokera m'thumba mwako, kuphatikizapo chindapusa ndi chiwongoladzanja. Kwanuko ku Texas chiphaso cha sales tax n'chaulere kwa Comptroller (ofesi yotolera misonkho ya state), ndiye sindikuona chomwe alamu akupulumutsa.

Nachisale mnzanga, ine ndimasoka zikwama ndi maepuloni, ndipo ndikufuna ndikuuzeni ubwino wa chiphasochi womwe ambiri saudziwa. Mukakhala nacho mumatha kugula ulusi, mikanda ndi tizitsulo ta ndolo popanda kulipira sales tax, chifukwa zinthuzo zikulowa mu katundu yemwe mudzagulitse, ndipo msonkho udzatoleredwa kwa wogula womaliza. Ku Indiana mumadzaza fomu ya ST-105 n'kupereka kwa amene akukugulitsani. Masitolo ogulitsa mopikulitsa ambiri sakutsegulirani n'komwe akaunti popanda pepala lotere, ndipo mitengo yawo ndi yomwe imapangitsa kuti ntchito ya manja ikhale ndi phindu. Kungoti chilungamo chikhalepo: ulusi womwe mwagula mwanjira imeneyi mukalukira mwana wanu juzi, msonkho wake muyenera kuulipira nokha, umenewo amautcha use tax.

Za LLC mnzanuyo wasokoneza. Palibe lamulo loti munthu akhale ndi LLC asanagulitse. Mukangoyamba kugulitsa nokha, boma limakutengani ngati sole proprietor. LLC imathandiza kulekanitsa katundu wanu wapakhomo ndi ngongole za bizinesi, koma siichotsa msonkho uliwonse, ndipo ili ndi malipiro ndi mafomu ake. Mutha kudzaiganizira mtsogolo. Chomwe chikufunika msanga n'chakuti ngati shopu yanu ili ndi dzina lina osati lanu lenileni, dzinalo likalembetsedwe. Ku Indiana munthu wochita bizinesi payekha amalembetsa ku ofesi ya county recorder. Imbaninso foni ku ofesi ya mzinda wanu mufunse ngati amafuna chilolezo chochitira bizinesi m'nyumba, chifukwa zimenezi mzinda uliwonse uli ndi zake. Ngati mukukhala m'nyumba ya lendi, werengani pangano lanu ndi eni nyumba.

EIN, nambala ya msonkho ya bizinesi yanu, nayo tengani. Ndi yaulere pa webusaiti ya IRS (bungwe lotolera misonkho la boma la America) ndipo imatuluka nthawi yomweyo. Imakuthandizani kuti musamangopereka nambala yanu ya Social Security paliponse. Pali mawebusaiti ena omwe amalipiritsa kuti akutengereni, musawapatse ndalama yanu.

NaJere:

Ine mtima wanga wagunda nditawerenga zoti mumaluka za ana akhanda. Imeneyi si nkhani ya msonkho koma ndi ya malamulo ndithu, ndipo oluka ambiri saidziwa.

Kuno chinthu chilichonse chopangidwira ana a zaka 12 kutsika pansi chili pansi pa lamulo la CPSIA la mu 2008, lomwe amayang'anira ndi a Consumer Product Safety Commission (CPSC). Lamuloli silisiyanitsa fakitale ndi mayi woluka pa sofa yake. Katundu wa ana amafunika kachizindikiro kosachoka kosonyeza amene wapanga, malo ndi nthawi yomwe chinapangidwa, komanso chikalata chotchedwa Children's Product Certificate, chomwe mumalemba nokha. Opanga zinthu zochepa amatha kulembetsa kwaulere ngati small batch manufacturer, ndipo zimawachepetsera zina mwa zoyeza za ku labu. Ulusi ndi nsalu wamba sizivuta kwenikweni pa nkhani ya mtovu, koma mabatani, zipi ndi tizitsulo ndi nkhani ina. Chilichonse chomwe chingathothoke n'kulowa m'kamwa mwa mwana wosakwana zaka 3 chisakhalepo. Ine pa zidole zomwe ndimaluka, maso ndimachita kupeta ndi ulusi, a pulasitiki aja ndinawakana.

China, ndipo ndikunenera aliyense wowerenga, osati inu nokha: onetsetsani kuti mapepala anu okhalira m'dziko muno amakulolani kuchita bizinesi. Wophunzira amene ali pa viza ya F-1, mwachitsanzo, kugulitsa zomwe wapanga kumatha kuwerengedwa ngati ntchito yosaloledwa, ngakhale ndalama yake ikhale yochepa. Ameneyo afunse kaye ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja pa sukulu yake kapena kwa loya wa za imigireshoni.

Nachisale:

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Pa mapepala ndili bwino, ndili ndi green card. Za ana akhanda zija a NaJere ndinali ndisanazimvepo, ndipo timabulangete tina ndimasokererapo timaluwa tokhala ndi mkanda pakati. Ndatichotsa kaye pa shopu mpaka nditawerenga bwino za CPSC.

Bambo a Chisomo, ndibwerere kwa inu pa ziwiri. Kuntchito amandidula kale msonkho pa malipiro anga, ndiye za zolukazi ndimazilemba pati? Chachiwiri, pali msika wina ku Michigan, pafupi ndi malire, womwe anzanga akundiitanira. Chiphaso cha Indiana chingagwire ntchito kumeneko?

Bambo a Chisomo:

Ku Michigan chiphaso cha Indiana sichigwira. Mukanyamula katundu n'kukaima naye nokha m'state ina, nkhani ya $100,000 ija imachoka, chifukwa tsopano mukugulitsira m'dera lawo. Kumeneko msonkho ndi 6% ndipo umapita ku Michigan Department of Treasury. Iwo ali ndi fomu yapadera ya anthu ongobwera ku msika umodzi kapena iwiri pa chaka, moti simufunika kutenga laisensi yonse ngati mukupita kamodzi. Okonza msikawo afunseni, nthawi zambiri amakhala nayo. Zimenezi zimasintha mukangowoloka malire: ku Pennsylvania ndi ku Minnesota zovala zambiri sizilipiritsidwa msonkho, pamene Oregon, Montana, New Hampshire ndi Delaware alibiretu sales tax.

Za income tax, zolukazi zimalowa pa Schedule C, yomwe imapita limodzi ndi fomu yanu ya 1040 ya chaka chilichonse. Mumalemba ndalama zonse zomwe zalowa, za Etsy, za Instagram ndi za kumsika zomwe, ngakhale zolandira pamanja. Kenako mumachotsa zomwe mwawononga: ulusi, mikanda, malipiro omwe Etsy imadula, positi, mabokosi, ndalama ya tebulo kumsika, ndi mtunda womwe mwayenda pa galimoto chifukwa cha bizinesi. Chotsalacho ndiye phindu. Likafika $400 pa chaka mumalipiranso self-employment tax, yomwe ndi 15.3%: 12.4% ya Social Security ndi 2.9% ya Medicare. Kuntchito kwanu abwana amakulipirirani theka la zimenezi, koma pa bizinesi yanu abwana ndinu nomwe, ndiye mbali zonse ziwiri zili pa inu. Apa ndi pomwe ambiri amadzidzimuka mu April.

Musadikire fomu ya 1099-K, yomwe makampani ngati Etsy ndi PayPal amatumiza yosonyeza ndalama zomwe mwalandira, kuti ikuuzeni ngati muli ndi msonkho. Mlingo woti kampani itumize fomu imeneyo wasinthidwa kangapo m'zaka zapitazi, koma phindu limalembedwa kaya fomuyo yabwera kaya sinabwere. Ngati mukuona kuti pakutha pa chaka mudzakhala ndi ngongole ya $1,000 kapena kuposa, IRS imafuna muzilipira pang'onopang'ono, mu April, June, September ndi January. Popeza inu muli pa ntchito yolembedwa, pali njira yachidule: dzazani W-4 yatsopano kuntchito kuti azikudulani yoonjezera pang'ono pa malipiro aliwonse, ikwanire kuphimba ya zolukazo.

Lembetsani pa INBiz sabata ino, chifukwa okonza msika sadikira munthu ndipo matebulo a nyengo ya Khirisimasi amatha msanga. Polembetsa adzakufunsani tsiku lomwe munayamba kugulitsa mu Indiana. Lembani lenileni, ndipo ngati pali zakale za pa Instagram ndi kumsika zomwe msonkho wake sunatoleredwe, ziwerengeni kuchokera pa mbiri ya PayPal ndi Zelle, muimbire a Department of Revenue akuuzeni momwe mungazilipirire.